Laser yopha udzudzu ndi yureniyamu wa ku Kayelekera: akulondola ndani, inu kapena alamu anu?

Funso: Ndine mphunzitsi kuno ku Karonga. Alamu anga anabwera ndi kanema pafoni woonetsa makina a laser akuwombera udzudzu uli m'malere. Akuti boma likanagula makina amenewa, bwenzi malungo ndi mbozi za m'chimanga zitatha kalekale. Nditawafunsa kuti magetsi ake achokera kuti, anati nanga yureniyamu wa ku Kayelekera ntchito yake n'chiyani, timange siteshoni ya nyukiliya basi. Ine ndinawauza kuti ndinawerenga penapake kuti yureniyamu atha padziko zisanathe zaka 100, ndiye kungakhale kutaya ndalama. Tinakangana mpaka nsima kuzizira. Akulondola ndani?

Yankho: Aphunzitsi, muwapepese achemwali amene anaphika nsimayo, chifukwa nonse awiri mwalondola pang'ono ndipo nonse mwaphonya. Chodabwitsa n'chakuti nkhani ziwiri zimene munakanganazi zinabadwira m'nyumba imodzi. Ndifotokoza.

Kanema amene alamu anuwo anakuonetsani si wabodza. Maganizo opha udzudzu ndi laser, kuwala kwamphamvu kolunjika pamalo amodzi, anachokera kwa Lowell Wood, wasayansi wa ku America amene m'zaka za m'ma 1980 ankagwira nawo ntchito ya Pulezidenti Ronald Reagan yofuna kuphulitsa mizinga ya adani isanagwe pansi. Cha m'ma 2007, pamene Bill Gates ankafunafuna njira zatsopano zothanirana ndi malungo, Wood anati nzeru yomweyo ingathe kugwira pa udzudzu. Kampani ya Intellectual Ventures inapanga makinawo n'kuwatcha Photonic Fence, ndipo mu 2010 mkulu wa kampaniyo, Nathan Myhrvold, anawaonetsa pamsonkhano wa TED, kumene anthu amafotokoza nzeru zatsopano, anthu akuombera m'manja.

Kagwiridwe kake n'kokoma kumva. Pamtengo wina pamakhala nyali zowala kuwala kumene maso athu saona, kutsidya kwake n'kukhala chinthu chobweza kuwalako. Kachilombo kakadutsa pakati, kamera imaona mthunzi wake. Kenako makinawo amayeza liwiro limene mapiko akukupiza. Udzudzu umakupiza mapiko kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo waukazi, umene umaluma, umakupiza pang'onopang'ono poyerekeza ndi waumuna chifukwa ndi wokulirapo. Akatsimikiza kuti si njuchi kapena gulugufe, laser yamphamvu imawomba n'kuwotcha mapiko. Zonsezi zimachitika musanaphethire.

Tsopano werengani zaka kuchokera 2010. Ana amene ankakwawa nthawi imeneyo ali ku sekondale, koma palibe mudzi mu Africa muno umene unagonjetsa malungo ndi makina amenewa. Ndalama sizinasowe, akatswiri sanasowe. Chimene chinavuta ndi khalidwe la udzudzu weniweniwo.

Lowani m'chipinda chanu chogona madzulo ano ndi tochi. Yang'anani kuseri kwa zovala zimene mwakoleka pachingwe, pansi pa bedi, pakona pamene denga lakumana ndi khoma. Udzudzu wa Anopheles, makamaka mtundu wa funestus umene wafala kuno kwathu, umakonda kubisala m'malo otero, n'kudikira mpaka usiku anthu atagona. Umalowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga, pazenera losweka, pachitseko chimene mwana wasiya chotsegula. Laser imayenda mowongoka basi. Siikhota pakona, siidutsa nsalu, siiona pansi pa bedi. Kuti itchinge nyumba imodzi mbali zonse pafunika makina angapo, aliyense ndi kamera yake, kompyuta yake ndi batire lake. Chulukitsani ndi nyumba za m'mudzi umodzi wokha muone.

Ndiye pali fumbi. Ine ndagwirapo ntchito ndi zipangizo zokhala ndi magalasi oonera, ndipo ndikuuzeni kuti mwezi wa Okutobala ndi mdani wamkulu kuposa mbava. Galasi likachita fumbi pang'ono, kamera imayamba kuona zinthu kulibe, kapena kusaona zimene zilipo. Ndikukumbukira makina ena okwera mtengo amene anakhala miyezi yambirimbiri atafunditsidwa chitenje pakona ya labu, chifukwa kachipangizo kochepa ngati chala kanapsa magetsi atabwerera mwamphamvu, ndipo kolowa m'malo mwake kankayenera kuchokera kunja. Zimenezotu zinali m'tauni, pamalo okhala ndi akatswiri.

Pali nkhani ya maso. Kuwala kokwanira kuwotcha phiko la udzudzu n'kokwaniranso kuvulaza diso la munthu. Opanga amaikamo njira yoti makinawo asawombe akaona chinthu chachikulu pafupi, ndipo njirayo imagwira. Koma funso la mayi aliyense ndi lakuti tsiku limene idzalephere, mwana wanga adzakhala ataima pati?

Ikani zonsezi pambali pa masikito. Neti yonyikidwa m'mankhwala akamaigula yambiri nthawi imodzi imakhala ya madola awiri kapena atatu, siifuna magetsi, ndipo ikang'ambika imasokedwa ndi singano. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Nature mu 2015 anapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2015, njira zolimbana ndi malungo zinapewetsa matendawa maulendo pafupifupi 663 miliyoni mu Africa, ndipo magawo 68 pa 100 aliwonse a chipambanocho anachokera ku maneti. Inde, udzudzu wayamba kupirira mankhwala akale, n'chifukwa chake maneti a masiku ano amabwera ndi mankhwala osakaniza. Katemera wa malungo nayenso anayambira kuno ku Malawi mu Epulo 2019. Ndalama zogulira makina amodzi a laser zingagule maneti ambirimbiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Za mbozi ndiye n'zachidule. Mbozi zimene zinalowa mu Africa mu 2016, zimene zinachititsa kuti boma lilengeze za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, siziuluka masana poyera kudikira kuwomberedwa. Pitani kumunda mufunyulule mtima wa chimanga, muja masamba atsopano amatulukira atapindikana. Mupezamo zonga utuchi wonyowa, ndipo pansi pake mbozi ili phee, ikudya. Kuti laser iipeze iyenera kuyamba yaboola chimangacho. Mayi amene akuthira dothi kapena phulusa mumtimamo, kapena msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidzagwire mbozi, wafika pamene makina a madola miliyoni sangafike.

Komabe musawaseke kwambiri alamu anuwo, chifukwa pali malo amene laser ikugwiradi ntchito ndipo anthu akulipira ndalama zawo. Ku Norway, kampani ya Stingray imagulitsa makina omizidwa m'makola a nsomba za salmon m'nyanja. Kamera ikaona nsabwe ya m'nyanja itakakamira pa nsomba, laser yobiriwira imaiwotcha, pamene mamba a nsombayo amangobweza kuwalako. Ngakhale kumeneko mkangano ulipo: kafukufuku wina wa mu 2020 atayerekeza makola okhala ndi laser ndi opanda kwa masiku 50, sanapeze kusiyana kwenikweni pa kuchuluka kwa nsabwe. Ku America, kampani ya Carbon Robotics ya ku Seattle imapanga LaserWeeder, chimakina chokokedwa ndi thirakitala chimene chimapalira powotcha udzu ukangomera. Choyambirira chinali ndi ma laser 30, ndipo mtengo wake unkaposa madola miliyoni imodzi. Ku Netherlands, Bird Control Group imagulitsa laser yoingitsa mbalame m'minda ya zipatso, siipha, imangoziopseza.

Taonani chimene malo amenewa akufanana. Chowomberedwacho chili poyera, ndipo nthawi zambiri sichithawa. Mbewu kapena nsombayo ndi yodula kwambiri. Ndipo kulemba munthu ganyu kumeneko ndi ndalama zambiri, moti makina a miliyoni amabweza ndalama zake. Mwa zitatuzi, yoingitsa mbalame ndi imene ndingakonde kuiona ikuyesedwa m'minda ya mpunga ya kwanuko, kumene ana amajomba kusukulu kukakhala pamsanja n'kumakuwa tsiku lonse. Vuto lake n'lakuti kadontho kobiriwirako kamaoneka bwino m'bandakucha ndi madzulo, dzuwa likakwera kamazilala.

Tibwere kwa inu tsopano, aphunzitsi, chifukwa nanunso muli ndi mlandu.

Nambala imene munawerengayo ili ndi kochokera. Padziko lonse pali ma reactor, ng'anjo za nyukiliya zopangira magetsi, pafupifupi 440, amene amapereka pafupifupi magawo 9 pa 100 aliwonse a magetsi onse, ndipo amadya yureniyamu wokwana matani pafupifupi 65,000 pachaka. Bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA ndi bungwe la mayiko otukuka la OECD amatulutsa lipoti lotchedwa Red Book zaka ziwiri zilizonse, ndipo limaonetsa kuti yureniyamu wodziwika amene angakumbidwe pamtengo wosaposa madola 130 pa kilogalamu ndi pafupifupi matani 6 miliyoni. Mukagawa mupeza zaka 90. Mukalola mtengo kufika madola 260, matani amayandikira 8 miliyoni, zaka n'kupitirira 100. Masamu anu ndi olondola. Cholakwika ndi tanthauzo limene mwaipatsa nambalayo.

Mwini golosale akakuuzani kuti ali ndi shuga wa milungu iwiri, sindiye kuti shuga atha padziko pakatha milungu iwiri. Wangosunga wokwanira bizinesi yake. Kufufuza miyala kumadya ndalama zambiri, ndipo palibe kampani imene ingaboole nthaka lero kufuna yureniyamu amene idzagulitse patapita zaka 150. Mtengo ukakwera amafufuza n'kupeza wina, ukatsika amasiya. N'chifukwa chake nambala ya zaka zotsalayo yakhala ikuzungulira pamodzimodzi kwa zaka zambiri, ngakhale ma reactor akhala akudya tsiku ndi tsiku.

Umboni wake muli nawo pakhomo. Mu 2007 mtengo wa yureniyamu unakwera kupitirira madola 130 pa paundi imodzi, yomwe ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Kampani ya Paladin ya ku Australia inamanga mgodi wa Kayelekera, n'kuyamba kutulutsa mu 2009, boma la Malawi lili ndi magawo 15 pa 100. Mu Malichi 2011 kunachitika ngozi pasiteshoni ya nyukiliya ya ku Fukushima, Japan inazimitsa ma reactor ake, Germany inaganiza zosiya nyukiliya, ndipo mtengo unagwa. Mu 2014 mgodi unaima, anthu a kwanuko n'kuchotsedwa ntchito. Pofika kumapeto kwa 2016 paundi inali pansi pa madola 20. Kodi miyala inatha? Inali pomwepo. Lotus Resources inagula mgodiwo mu 2020, mtengo unadutsanso madola 100 mu Januwale 2024, ndipo mu Ogasiti 2025 Kayelekera inayambanso kutulutsa. Phiri ndi lomwelo, miyala ndi yomweyo. Chimene chinasintha ndi mtengo.

Ndipo mtengo uli ndi mpata waukulu wokwerera. Siteshoni ya mamegawati 1,000 imafuna yureniyamu wokumbidwa pafupifupi matani 200 pachaka, pamene ya malasha yofanana nayo imatentha matani oposa 2 miliyoni. Ndalama zambiri za nyukiliya zimathera pomanga siteshoni ndi kubweza ngongole yake. Mtengo wa yureniyamu utawirikiza kawiri, mtengo wopangira magetsi sungakwere ndi gawo loposa limodzi mwa magawo 10. Choncho miyala yosauka imene lero sitiiwerengera ingathe kudzakumbidwa popanda wogula magetsi kulira kwambiri.

Pamene ndikukuvomerezani ndi apa. Mu Disembala 2023 ku Dubai, mayiko oposa 20 analonjeza kuchulukitsa katatu magetsi a nyukiliya pofika 2050. Zitachitikadi, zaka 90 zija zingatsike kufika 30, ndipo mgodi watsopano umatenga zaka 10 kapena 15 kuchokera pamene miyala yapezeka kufika potulutsa. Kuperewera kwa zaka zingapo n'kotheka ndithu. Kale mpata woterowo unkatsekedwa ndi zosungidwa: pakati pa 1993 ndi 2013 Russia inasungunula yureniyamu wa mabomba pafupifupi 20,000 n'kugulitsa ku America, ndipo kwa zaka zimenezo babu limodzi mwa mababu 10 aliwonse a ku America linkayaka ndi mabomba akale a Soviet Union. Nkhokwe imeneyo inatsekedwa.

Koma vuto lenileni silili kumgodi. Apa ndi pamene alamu anu aphonya kwambiri.

Chimene chimatuluka ku Kayelekera ndi ufa wotchedwa yellowcake, wotsekeredwa m'migolo yachitsulo. Nthawi ya Paladin migoloyi inkayenda pamsewu kudutsa Zambia mpaka kudoko la Walvis Bay ku Namibia. Ufa umenewu mutauthira mu reactor wamba palibe chingachitike. Mu yureniyamu wachilengedwe, mtundu umene umayaka, U-235, ndi wochepera gawo limodzi pa 100. Kunena mwatchutchutchu ndi 0.7. Ma reactor ambiri amafuna wapakati pa 3 ndi 5. Ndiye ufawo uyenera kusandutsidwa mpweya, ntchito imene imachitika m'mafakitale owerengeka ku Canada, France, America, Russia ndi China. Mpweyawo umapita m'makina masauzande ozungulira mwaliwiro loopsa, amene amapatula wolemera ndi wopepuka pang'onopang'ono. Kenako umaumbidwa timibulu tonga nsonga ya chala, n'kulongedwa m'timapaipi tachitsulo topangidwa molingana ndi reactor imeneyoyo. Chimanga tili nacho, koma chigayo n'cha eni, ndipo chigayo chimenechi sachilola mwachisawawa chifukwa n'chomwechonso chimagaya ufa wa bomba.

Pafupifupi magawo 40 pa 100 a chigayo chimenechi padziko lonse ali m'manja mwa Rosatom, kampani ya boma la Russia. America yeniyeniyo inakhazikitsa lamulo mu Meyi 2024 loletsa kugula yureniyamu wokonzedwa ku Russia, koma inadzisiyira khomo lopempha chilolezo mpaka kumapeto kwa 2027, podziwa kuti kusiya lero ndi lero sikungatheke. Kumigodi nakonso ndale zili pomwepo: Kazakhstan yokha imakumba pafupifupi magawo 40 pa 100, ndipo ku Niger asilikali amene analanda boma mu 2023 anachotsa mgodi wa Somaïr m'manja mwa kampani ya Orano ya ku France.

Ndinalonjeza kuti nkhani ziwirizi ndi zapachibale. Anthu omwe aja, Gates, Myhrvold ndi Wood, ndi amenenso anali kumbuyo kwa kampani ya TerraPower, imene inatuluka mu Intellectual Ventures yomweyo. Loto lawo linali reactor yodya yureniyamu wotsala kuchigayo kuja, amene waunjikana matani ambirimbiri. Papepala nzeruyo ndi yoona: reactor yamtundu umenewu ingafinye mphamvu zochuluka kambirimbiri kuchokera mu yureniyamu yemweyo, ndipo nkhani ya kutha ingaiwalike kwa zaka masauzande. Koma ofuna kuchita zimenezi akhala akupsa zala. France inatseka reactor yotere, Superphénix, mu 1998 itawononga ndalama zankhaninkhani. Monju ya ku Japan inayaka moto mu 1995 sodium, chitsulo chosungunuka choziziritsira reactor, atatayika, ndipo mu 2016 boma linagamula zoiphwasula isanagwire ntchito yooneka. Russia ndi imene yapirira nazo ku Beloyarsk. TerraPower nayo inasintha n'kuyamba kumanga reactor ina yotchedwa Natrium ku Kemmerer, m'chigawo cha Wyoming, ndipo mu Disembala 2022 inalengeza kuti ichedwa ndi zaka zosachepera ziwiri. Chifukwa chake? Mafuta ake ndi yureniyamu wokonzedwa kufika pafupifupi 20 pa 100, ndipo wogulitsa yekhayo panthawiyo anali Russia, imene inali itangolowa nkhondo ku Ukraine. Munthu wolemera ngati Bill Gates anaima pamzere wa kuchigayo.

Wina akadzakuuzani kuti m'nyanja zamchere muli yureniyamu wokwana matani 4 biliyoni, muvomere, n'zoona. Kungoti wasungunuka kwambiri, magalamu atatu okha m'matani 1,000 a madzi. A ku Japan anamiza nsalu zapadera zolemera makilogalamu 350 kwa masiku 240 n'kupeza kilogalamu imodzi yokha ya ufa uja. N'zotheka, koma mtengo wake ukadali kutali ndi wa mgodi. Ndipo poti alamu anu amakonda laser, auzeni kuti ilipo njira yopatulira yureniyamu ndi laser, yotchedwa SILEX, imene inatulukiridwa ku Australia. Akhala akuikonza kwa zaka zoposa 20, ndipo akufuna kumanga fakitale yake ku Paducah, ku Kentucky.

Nanga siteshoni ya nyukiliya ku Malawi kuno? Yureniyamu amene Kayelekera inatulutsa pakati pa 2009 ndi 2014, matani opitirira pang'ono 4,000, akanatha kudyetsa reactor imodzi yaikulu kwa zaka pafupifupi 20. Mafuta si amene angatilepheretse. Vuto ndi kukula kwa chinthucho. Magetsi onse amene dziko lino lingapange, kuphatikiza a pamtsinje wa Shire, a sola ndi a dizilo, ndi mamegawati ongopitirira 500. Reactor imodzi mwa zinayi zimene Rosatom ikumanga ku El Dabaa ku Egypt ndi ya mamegawati 1,200. Akatswiri a mawaya amalangiza kuti makina amodzi asapose gawo limodzi mwa magawo 10 a magetsi onse a dziko, kuti akazima mwadzidzidzi ena athe kunyamula katunduyo.

Ife tinalawa kale tanthauzo la langizo limenelo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mukukumbukira mmene tinakhalira mumdima kwa chaka ndi miyezi, ometa ndi owotcherera zitsulo atangokhala pakhonde. Tsono reactor imazimitsidwa dala pakatha chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo, kuti aikemo mafuta atsopano. Mwezi umenewo dziko lonse lingayatse chiyani? Ma reactor ang'onoang'ono amene akutchuka masiku ano angadzayankhe funso limeneli, koma amene akugwira ntchito panopa ndi owerengeka, ku Russia ndi ku China, ndipo ambiri mwa atsopanowo akufuna mafuta omwe aja anachedwetsa TerraPower.

Mu Africa monse siteshoni imene ikupanga magetsi a nyukiliya ndi imodzi, Koeberg pafupi ndi Cape Town, imene inayamba mu 1984. Ngati babu la m'kalasi mwanu lidzayake ndi nyukiliya inu mukadali pantchito, magetsiwo adzachokera kutali choncho, kudzera pa mawaya olumikiza mayiko ngati aja a pakati pa Matambo ku Mozambique ndi Phombeya ku Balaka. Ndipo alamu anu akadzabweranso, muwafunse ngati akudziwa chimene chinkayendetsa makina a ku Kayelekera zaka zonse zimene Paladin inkakumba. Anali majenereta a dizilo, wobwera pa mathanki kuchokera kudoko.